Zithunzi za Hitler ndi Mussolini: anajambula ndani, anamutuma ndani?

Funso: Ndine mphunzitsi wa History pa sekondale ina ku Dedza. Ndikukonza filimu ya mphindi 40 m'Chichewa yofotokoza m'mene Mussolini ndi Hitler anatengera boma nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe. Ndatsitsa mavidiyo akale ambiri pa YouTube. Nditaonetsa ana a Fomu 4 mphindi khumi zoyambirira, ambiri anangoti, "Koma aphunzitsi, anthu aja anali ndi dongosolo!" Wina mpaka anati mtsogoleri wotere ndi amene akufunika. Ndalakwitsa pati? Kodi zithunzizi ndizitaye? Nanga filimuyi ndingaiike pa intaneti popanda mlandu?

Yankho: Aphunzitsi, ana anuwo sanaone molakwika. Aona ndendende chimene eni zithunzizo ankafuna kuti munthu aone, ndipo zimandiwawa kuti patapita zaka 90 zithunzizo zikugwirabe ntchito imene anazijambulira. Musazitaye. Koma dziwani kuti pafupifupi filimu iliyonse imene tili nayo ya Afasisti a Mussolini ku Italy ndi a Nazi a Hitler ku Germany inajambulidwa ndi iwo eni, kapena ndi anthu amene iwo anawalola kuima pamalopo ndi kamera. Vuto la filimu yanu lagona pamenepa, ndipo aliyense wopanga documentary ya nkhani imeneyi amakumana nalo, kaya ali ku London kaya ku Dedza.

Ngakhale sindinaone zimene mwadulazo, ndikhoza kulota zimene zilimo: ndege ikutsika m'mitambo, Hitler ataimirira m'galimoto yopanda denga, amayi akukupiza manja m'mawindo, anyamata atanyamula mafosholo paphewa, amuna atatu akuyenda pakati pa chikhamu chimene changoti zii. Zonsezi n'za mu filimu imodzi, Triumph des Willens, imene Leni Riefenstahl anajambula pa msonkhano wa chipani cha Nazi ku Nuremberg mu Sepitembala 1934, n'kuitulutsa mu Malichi 1935. Anamutuma ndi Hitler mwiniwake. Mayiyu anali ndi makamera pafupifupi 30 ndi antchito oposa 150. Anamuyalira njanji zoyendetsapo kamera, anamumangira kachikepe pa mtengo wa mbendera kuti khamulo azilijambula kuchokera m'mwamba, ndipo kamera yoyang'ana Hitler ankaiika pansi kuti munthuyo azioneka wamtali, kumbuyo kwake kuli mitambo yokhayokha. Pa maola pafupifupi 60 amene anajambula anasankhapo osakwana awiri. Albert Speer, amene anakonza bwalolo, analemba pambuyo pake kuti malankhulidwe a akuluakulu ena a chipani anachita kuwajambulanso mu studio ku Berlin, pa nsanja yongoyerekezera, chifukwa oyamba aja anaonongeka.

Tsopano taonani chakacho. Pofika Sepitembala 1934 n'kuti Hitler atakhala pampando miyezi 19. Ndende ya Dachau inali itatsegulidwa mu Malichi 1933, mabungwe a antchito atathyoledwa pa 2 Meyi, zipani zina zonse zitaletsedwa mu Julayi. Pulezidenti Hindenburg anali atangomwalira kumene mu Ogasiti 1934. Masabata angapo izi zisanachitike, Hitler anali ataphetsa mnzake Ernst Röhm, mkulu wa asilikali a chipani otchedwa SA, pamodzi ndi anthu ena ambiri. Riefenstahl yemweyu anali atajambulanso msonkhano wa 1933, momwe Röhm akuoneka ali pambali pa Hitler, ndipo munthuyo ataphedwa filimu ija inachotsedwa m'nyumba zoonetsera kanema. Ya 1934 inapangidwa kuti iuze Ajeremani kuti m'chipani muli bata, za magazi aja aiwale.

Ndiye mukaika zithunzi zimenezi pamene mawu anu akufotokoza za chisankho cha 1930 kapena cha 1932, mukuuza ana kuti anthu anavotera gulu looneka chonchi. Gulu la 1932 silinkaoneka chonchi ayi. Linali la anyamata omenyana ndi achikomyunizimu m'misewu ndi m'mabala, chipani chili ndi ngongole, mavoti atayamba kutsika.

Ganizirani vidiyo ya ukwati. Wojambula amalipidwa ndi eni ukwati, ndipo simudzaonamo mkangano wa kukhitchini, ngongole ya holo, kapena abale amene sanaitanidwe. Palibe bodza limene wajambula, poti keke inalipodi ndipo anthu anavinadi. Koma munthu wofuna kulidziwa banjalo poonera vidiyo yokhayo wasokera kale.

Ku Italy zinthu zili chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Buku lililonse limatchula ulendo wa Afasisti wopita ku Rome mu Okutobala 1922, ndipo zithunzi zimaonetsa amuna ovala malaya akuda akuguba, munthu n'kuganiza kuti alanda mzinda ndi mphamvu. Zimene zinachitika n'zakuti magulu awo anaima kunja kwa Rome, mvula ikuwavumbwa, chakudya chili chochepa, zida zili zoperewera. Asilikali a boma akanatha kuwabalalitsa. Nduna yaikulu Luigi Facta inakonza chikalata chopatsa asilikali mphamvu zochitira zimenezo, koma Mfumu Victor Emmanuel III inakana kusaina. Mussolini nthawi yonseyi anali ku Milan. Anakwera sitima yausiku atalandira kale uthenga woti mfumu ikumupatsa boma, n'kufika pa 30 Okutobala. Kuguba kwa mu mzinda kumene mukuonako kunachitika boma litaperekedwa kale m'manja. Pa chisankho cha 1921 Afasisti anali atapeza mipando 35 yokha mwa 535.

Atakhazikika, anagwira kamera ndi manja awiri. Mu 1924 kunabadwa bungwe la mafilimu la LUCE, boma n'kulitenga, ndipo kuyambira 1926 lamulo linakakamiza nyumba iliyonse ya kanema ku Italy kuonetsa mafilimu ake. Mussolini akupuntha tirigu atavula malaya, Mussolini pakhonde la Palazzo Venezia chibwano chili m'mwamba, zonsezo n'za LUCE. Ku Germany kampani yaikulu ya Ufa, imene inkatulutsa timafilimu ta nkhani toonetsedwa filimu yeniyeni isanayambe, inali m'manja mwa Alfred Hugenberg kuyambira 1927, ndipo Hugenberg yemweyo anakhala nduna m'boma loyamba la Hitler. Ngakhale zithunzi zotchuka za anyamata onyamula miyuni akudutsa pa chipata cha Brandenburg Gate ku Berlin usiku wa 30 Januwale 1933, tsiku limene Hitler anapatsidwa boma, zimene zimaoneka bwino kwambiri anachita kubwereza patapita miyezi, chifukwa za usiku weniweniwo zinatuluka zakuda.

Nanga kukwera kwenikweniko kunachitikira kuti? Kumene kamera kunalibe.

M'midzi ya m'chigwa cha mtsinje wa Po, cha ku Ferrara ndi Bologna, mu 1921, magulu a Afasisti ankabwera usiku pa malole, ndalama za ulendowo zikuchokera kwa eni minda ikuluikulu. Ankagogoda pakhomo la mtsogoleri wa bungwe la aganyu a m'minda, kumukokera panja, kumumenya ndi zibonga, kumumwetsa mafuta a nsatsi mokakamiza kuti adziipitsire anthu akuona, kenako n'kutentha ofesi ya bungwelo. Apolisi kawirikawiri ankayang'ana kumbali. Phungu Giacomo Matteotti anaima m'Nyumba ya Malamulo pa 30 Meyi 1924 n'kunena poyera kuti chisankho chimene chinali chitangochitika chinali cha ziwawa ndi chinyengo. Pa 10 Juni anamugwira dzuwa likuswa mtengo mu Rome, kumuponya m'galimoto, ndipo mtembo wake unakapezeka kutchire mu Ogasiti.

Ku Potempa, kamudzi ka ku Silesia, mu Ogasiti 1932, anyamata a SA analowa m'nyumba usiku n'kupha waganyu wina wachikomyunizimu pomumenya ndi kumupondaponda, mayi ake akuona. Khoti litagamula kuti asanu aphedwe, Hitler anawatumizira telegalamu poyera, kuwatcha anzake ndi kulonjeza kuti awamenyera nkhondo. Ajeremani anawerenga zimenezi m'nyuzipepala. Mu Novembala chaka chomwecho anthu 33 pa 100 alionse anavoterabe chipani chake, ndipo mu Malichi 1933 akuphawo anatuluka m'ndende. Kwa ine, nkhani imodzi imeneyi imaphunzitsa mwana za chifasisti kuposa mphindi khumi za kuguba, ndipo ndingakonde kuti filimu yanu iipatse malo okwanira.

Manambala nawonso ndi nkhani yogwira mtima munthu akawayala bwino. Mu 1928 a Nazi anapeza 2.6 peresenti ya mavoti, mipando 12. Chuma cha dziko lonse chitagwa mu 1929, anakwera kufika pa 18.3 peresenti mu Sepitembala 1930, mipando 107. Kumayambiriro kwa 1932 anthu 6 miliyoni anali pa ulova, ndipo mu Julayi chipanicho chinapeza 37.3 peresenti, mipando 230. Koma mu Novembala chinataya mavoti pafupifupi 2 miliyoni n'kutsika pa mipando 196. Pa chisankho chaufulu Hitler sanapezepo theka la mavoti. Ngakhale mu Malichi 1933, adani ake ambiri ali m'ndende, anathera pa 43.9 peresenti. Chimene chinamuika pampando ndi zokambirana za m'zipinda, monga za pa 4 Januwale 1933 m'nyumba ya Kurt von Schröder, mwini banki wa ku Cologne, kumene Franz von Papen, amene anakhalapo mtsogoleri wa boma mu 1932, anakumana ndi Hitler. Papen ndi anzake ananyengerera Hindenburg, nkhalamba ya zaka 85, kuti amusankhe Hitler kukhala mtsogoleri wa boma, poganiza kuti azimuyendetsa iwo, poti m'gulu la ndunalo a Nazi anali atatu okha. Ku Rome ndi ku Berlin komwe, chitseko chinatsegulidwa ndi anthu a m'kati, anthu olemekezeka amene ankaopa achikomyunizimu kuposa m'mene ankaopera zibonga. Mwana akatuluka mu filimu yanu asakudziwa zimenezi, ndiye kuti filimuyo yamusiya panjira.

Mudzandifunsa kuti, "Zinthu zopanda filimu ndiziwonetsa bwanji?" Apa ndi pamene ntchito yanu ikuyambira, ndipo umphunzitsi wanu ndi chida chachikulu. Manambala a chisankho aja alembeni ndi choko pa bolodi, kamera ikuona dzanja lanu likukweza mzere kufika Julayi 1932 kenako n'kuutsitsa. Gwiritsani ntchito zithunzi zosayenda, masamba oyamba a nyuzipepala, mapepala ovotera, maposita a zipani zonse, osati a Nazi okha. Chithunzi chimodzi chikakhala pa sikirini masekondi 15, mawu akufotokoza modekha, mwana amayamba kuyang'ana nkhope za anthu amene ali m'mbali.

Nachi chithunzi chimene ndingaike m'malo mwa mizere ya ku Nuremberg. Ku Munich, pa 10 Malichi 1933, loya wina Myuda, Michael Siegel, anapita kupolisi kukadandaulira munthu amene ankamuimira pa milandu, yemwe anali atamangidwa. Kumeneko anamumenya mpaka kumugulula mano, anamudula miyendo ya buluku, n'kumuyendetsa m'misewu opanda nsapato, chikwangwani chili pakhosi chonena kuti sadzadandaulanso kupolisi. Chithunzicho chilipo. Yambani ndi mapazi ake, kwezani pang'onopang'ono kufika pa chikwangwani, kenako sunthirani kwa anthu odutsa, ena ali pa njinga, akungoyang'ana. Apa n'kuti Hitler atakhala pampando masabata osakwana asanu ndi limodzi. Muwauzenso ana kuti bamboyu anapulumuka, anathawira ku Peru, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1979. Munthu amene anachitiridwa chipongwe pamaso pa kamera tisamamusiye pa chipongwepo ngati tikudziwa dzina lake ndi kumene anakathera.

Pa nkhani ya Ayuda samalani kwambiri, chifukwa mafilimu ambiri owaonetsa anajambulidwa ndi adani awo n'cholinga chowanyoza. Funani a anthu wamba. Mu 1938 David Kurtz, amene ankakhala ku America, anapita kukacheza kwawo ku Nasielsk ku Poland n'kujambula mphindi zitatu zokha: ana akukankhana kuti aoneke pa kamera, anthu akutuluka m'sunagoge. Mwa Ayuda pafupifupi 3,000 a m'tauniyo, opulumuka nkhondo sanakwane 100. Mphindi zitatu zimenezo zikupezeka pa webusaiti ya United States Holocaust Memorial Museum, ndipo ana anu adzadzionamo okha.

Mawu a anthu a nthawiyo aliponso ochuluka, ndipo awa ndi amene angamveke bwino m'Chichewa. Mu 1934 Theodore Abel wa pa Columbia University anachititsa mpikisano woti mamembala a Nazi alembe m'mene analowera chipani, ndipo analandira nkhani zoposa 600 za anthu wamba: ogwira ntchito m'mafakitale, alimi, makalaliki, asilikali opuma. Victor Klemperer, pulofesa Myuda wa ku Dresden, ankalemba tsiku ndi tsiku m'mene anzake ankasinthira. Pa 23 Malichi 1933, Nyumba ya Malamulo ikupereka mphamvu zake zonse kwa Hitler, asilikali a chipani ataima m'makomo, Otto Wels wa chipani cha Social Democratic anauza nyumbayo kuti ufulu ndi moyo akhoza kuwalanda, koma ulemu wawo ayi. Aphungu 94 anakana, 444 anavomera. Masulirani mawu oterewa, muwapatse ana anu omwe awerenge pa maikolofoni. Mwana amene wawerenga ndi pakamwa pake mawu a mnyamata wa zaka 20 wofotokoza chifukwa chimene analowera SA amayamba kufunsa mafunso ena.

Ngati mphindi 40 zikuchepa, ndipo zichepadi, sankhani tauni imodzi. Wolemba mbiri William Sheridan Allen anafufuza Northeim, tauni ya anthu pafupifupi 10,000, kumene a Nazi anachoka pa mavoti ochepa kwambiri mu 1928 kufika poposa 60 pa 100 alionse mu Julayi 1932. Mmodzi mwa anthu oyamba kulowa chipanicho kumeneko anali wogulitsa mabuku, munthu waulemu wake, wodziwika kutchalitchi. Anthu ankati ngati iye alimo ndiye kuti n'chabwino. Tauni yotere mwana wa ku Dedza akhoza kuimvetsa.

Tibwerere ku mavidiyo mwatsitsawo. Agwiritseni ntchito, koma chidutswa chilichonse chilowe ndi dzina la mwini wake. Pakona ya sikirini lembani, mwachitsanzo, "Yojambulidwa molamulidwa ndi Hitler, Nuremberg, 1934." Chidutswa chimodzi chionetseni kawiri: koyamba m'mene chilili, kachiwiri mutazimitsa nyimbo, mutachiimitsa, n'kufunsa kuti kamera inali pati kuti ione chonchi, ndipo anailola ndani kukwera pamenepo. Mukatero kamodzi kapena kawiri, ana amayamba kuchita okha pa zidutswa zotsatira.

Malankhulidwe a Hitler ndiye amaonongedwa kwambiri ndi odula mafilimu. Ambiri amatenga masekondi khumi omaliza, munthu akukuwa, thukuta lili kamukamu, osamasulira n'komwe. Mwana amaseka kapena amachita chidwi, koma saphunzirapo kanthu. Tengani za pa 10 Febuluwale 1933 mu holo ya Sportpalast ku Berlin, muyambire poyambirira. Munthuyo amaima kwa kanthawi osalankhula, manja atapinda, n'kukonzakonza mapepala patebulo, mpaka holo yonse itakhala chete. Amayamba ndi mawu apansipansi. Masulirani ziganizo zathunthu, ana amve kuti akuloza chala anthu amene analamulira zaka 14 zapitazo, akupempha kuti amupatse zaka zinayi, koma za m'mene adzapezere anthu ntchito sakunenapo chogwirika. Pambali pake ikani zithunzi zimene Heinrich Hoffmann anamujambula mu studio m'ma 1920, akuyeserera kukunga chibakera ndi kutambasula manja. Ukali umene ukuoneka ngati wobwera wokha uja anachita kuuphunzira.

Za phokoso ndinene mwachidule. Mafilimu a nkhani okhala ndi mawu anayamba cha m'ma 1930, choncho kugunda kwa nsapato kapena kufuula kumene mukumva pa zithunzi za 1922 anachita kuikamo wina pambuyo pake. Kuchotseni. Nyimbo za ng'oma zoopsa musaikemo, chifukwa zimawakuza anthuwa monga m'mene nyimbo zawo zinkawakuzira. Mafilimu akale opanda mawu ankajambulidwa pa liwiro locheperapo, ndiye akaseweredwa pa liwiro la lero anthu amaoneka ngati akuthamanga; bwezani liwiro kuti aziyenda ngati anthu. Musadule m'mwamba ndi m'munsi pofuna kudzaza sikirini yaikulu, poti m'mbalimo ndi momwe muli apolisi, zingwe zotchingira anthu ndi ojambula ena. Zopakidwa mtundu ndi kompyuta ine sindizikonda pa nkhani imeneyi, chifukwa mtunduwo ndi wongoganizira ndipo umakometsa mbendera. Dziwaninso kuti adani a Hitler nawo ankayerekezera zina: filimu ya ku America ya The March of Time ya 1938 yonena za Germany ili ndi zigawo zimene anajambulira ku Hoboken, New Jersey.

Mwana uja anati mtsogoleri wotere akufunika musamukalipire. Wanena chimene anthu mamiliyoni ananena, ndipo filimu yanu iyenera kumuyankha ndi umboni. Msewu waukulu wa magalimoto okhaokha wa pakati pa Cologne ndi Bonn unatsegulidwa mu 1932, Hitler asanalowe m'boma, ndipo anautsegula ndi Konrad Adenauer, meya amene a Nazi anadzamuchotsa pampando. Ulova unatsikadi pambuyo pa 1933, koma mbali yaikulu inali ya kupanga zida za nkhondo ndi ndalama zangongole zobisika, ndi kulemba anyamata usilikali mokakamiza kuyambira 1935. Wantchito analibenso bungwe lomuyankhulira kapena ufulu wonyanyala. Mungathenso kufunsa agogo a ana anuwo, amene akukumbukira nthawi ya chipani chimodzi kuno kwathu, kuti munthu ankapezeka bwanji m'khamu la pamsonkhano kapena pa mzere wa m'mbali mwa msewu. Cholinga sikufananitsa maboma awiriwo, chifukwa ndi osiyana kwambiri. N'chakuti mwana adziwe kuti khamu la pa filimu silikuuza amene anabwera mwa kufuna kwake. Nkhope za andale a lero musaziphatikize ndi za Hitler. Mukatero ana adzayamba kukangana za zipani, za 1933 n'kuziiwala.

Pali gawo limodzi limene mafilimu ambiri a ku Ulaya amalidumpha, ndipo inu musalidumphe. Chifasisti chisanayatse nkhondo ku Ulaya chinali chitayamba kale kupha mu Africa. Ku Libya, Ataliyana anatsekera anthu a ku Cyrenaica m'misasa ya m'chipululu, n'kunyonga Omar Mukhtar, mtsogoleri wa anthu olimbana nawo, pagulu mu Sepitembala 1931. Pa 3 Okutobala 1935 analowa mu Ethiopia, ndege zawo zikuponya mpweya wa poizoni wowotcha khungu, ndipo anaphulitsa ngakhale zipatala za Red Cross. Mafilimu a LUCE a nkhondo imeneyi amaonetsa misewu ikumangidwa ndi mafumu akugwada. Boma la Italy linadzavomera za poizoniyo mu 1996. Mu Febuluwale 1937, anthu ena atayesa kupha Rodolfo Graziani, bwanamkubwa wa Ataliyana ku Ethiopia, Ataliyana anapha anthu zikwizikwi mu Addis Ababa kwa masiku atatu. Filimu imene ilipo, ndipo muyenera kuipeza, ndi ya Haile Selassie, mfumu ya Ethiopia, akulankhula m'Chiamhariki ku League of Nations, bungwe la mayiko la nthawi imeneyo, ku Geneva pa 30 Juni 1936, atolankhani a ku Italy akumuimbira malikhweru mpaka kutulutsidwa. Patangopita zaka zinayi, asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles anali akumenyana ndi Ataliyana ku Moyale ndi ku British Somaliland, kumene kunalinso a Northern Rhodesia Regiment. M'kalasi mwanumo n'kutheka kuti muli mwana amene kwawo akusunga chithunzi kapena mendulo ya agogo a nkhondo imeneyo. Funsani.

Za mlandu. Kuonera chinthu kwaulere pa YouTube sikutanthauza kuti mwaloledwa kuchiika mu filimu yanu. Kampani ya mafilimu ya ku Britain ya British Pathé inaika mafilimu pafupifupi 85,000 pa YouTube mu 2014, LUCE nayo ili ndi ambirimbiri pa intaneti, koma onsewa amagulitsa chilolezo, nthawi zambiri powerengera masekondi kapena mphindi. Kuonetsa m'kalasi n'kosiyana ndi kufalitsa pa intaneti kapena pa TV, ndipo pa malamulo a kuno mukhoza kufunsa a COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso m'Malawi. Alembereni eni mafilimuwo, munene kuti ndi ya sukulu, si yogulitsa, mutchule masekondi amene mukufuna ndi kumene idzaonetsedwe. Kuyambira lero sungani kope lolembamo chidutswa chilichonse, kumene chachokera, nambala yake, chaka ndi wojambula. Chimene simukudziwa gwero lake chisalowe. Webusaiti ya Holocaust Memorial Museum ija imathandiza pa zimenezi chifukwa imalemba gwero ndi mwini wa filimu iliyonse. Mafilimu opangidwa ndi boma la America lenilenilo, amene ali ku National Archives ya kumeneko, alibe chiletso, koma amene analandidwa kwa Ajeremani nkhani yake ndi ina.

Mu Juni 2019 YouTube inakhwimitsa malamulo ake pa zofalitsa chidani, ndipo mavidiyo a aphunzitsi ena a History anachotsedwa limodzi ndi a anthu otamanda Hitler, chifukwa anali zidutswa za malankhulidwe zopanda chofotokozera. Mawu a pakona aja ndi ndemanga zanu ndi zimene zidzaonetse kuti yanu ndi yophunzitsa. Pa zithunzi zosayenda muli ndi mwayi: Bundesarchiv, nkhokwe ya zakale ya boma la Germany, inapereka zithunzi masauzande ambiri ku Wikimedia Commons mu 2008, ndipo mukhoza kuzigwiritsa ntchito mukatchula gwero, nambala ndi wojambula monga chilolezo chake chikunenera. Mawu ofotokozera amene ali pansi pa zambiri mwa zithunzizo ndi omwe aja analembedwa m'ma 1930 ndi anthu a boma la Nazi, choncho musawakopere. Tengani tsiku ndi malo, mutsimikize m'buku lina, zotsalazo mulembe nokha.